Dzanja la pa Phewa

Kunyumba kwathu kunali chithunzi chodulidwa.
Amayi akali kamtsikana ka zaka zisanu,
diresi loyera, sokosi imodzi itagwera m'kakolo,
ndipo paphewa pawo pali dzanja la mwamuna.
Dzanja lokha.
Mwini wake anadyedwa ndi sizasi ine ndisanabadwe.
Chala chamkombaphala chinathera pa mfundo yachiwiri.

Ndikafunsa, amayi ankati, "Zulema, chakudya chikuzizira."
Dzinalo analowa nalo m'manda
atalimanga pansonga ya mpango ngati ndalama yomaliza.

Lamulungu lina mphepo ya kumtsinje ikukwapula Montevideo
ndinatsika msewu wa Tristán Narvaja
kukafuna chivundikiro cha ketulo, basi.
Pakati pa mbalame za m'zikwere, maloko otaya makiyi
ndi magalasi a maso a anthu amene anasiya kuona,
bambo Aparicio anali atayala katoni ya nsapato
yodzaza nkhope.
Zitatu, mapeso makumi awiri.
Akwati opanda mayina, makanda a pa chikopa cha nkhosa,
asilikali, galu wina amene anakondedwa mpaka kujambulidwa.
Ndinkangovundula ngati nkhuku pa dzala
kudikira mvula ikate.

Ndiye sokosi ija.
Ndinaizindikira ndisanazindikire amayi anga.

Chithunzi chathunthu, chosalawa sizasi.
Dzanja lija linali ndi mkono, mkono unali ndi phewa,
pamwamba pake chipewa cha antchito a njanji
ndi makutu otambalala amene ndimawaona m'mawa uliwonse
pa mutu wa mwana wanga Fermín.
Sanali chilombo. Ankaoneka ngati munthu wopanidwa ndi nsapato.
Dzanja lake linalo linagwira kamtsikana kena,
kotalikirapo pang'ono, kosamwetulira,
diresi la nsalu yomweyo.

Kuseri, inki yofiirira ngati tiyi wogona:
Eleuterio ndi ana ake, Ilda ndi Nélida.
Paso de los Toros, 1951.

Ana ake.
Amayi ankati anabadwa okha ngati chala chachikulu.

"Katoniyi mwaitenga kuti?"
Bambo Aparicio anayamba apopa tiyi wawo wowawa m'chikho.
"Ku Cerro. Mayi wina anamwalira m'mwezi wa Meyi,
wopanda womulira. Eni nyumba anati tikolope zonse.
Bedi linapita tsiku lomwelo. Izi sizigulika."

Ku Cerro!
Phiri limene amayi ankaliyang'ana poyanika zovala,
tsidya la doko, ulendo wa basi imodzi.
Zaka makumi asanu ndi limodzi
nyali ziwiri kuyaka moyang'anana pamadzi amodzi.
Ankadziwa? Ndani anagwira sizasi?
Chithunzi chili ndi pakamwa, koma chilibe lilime.

Ndinagula katoni yonse osanenerera mtengo.

Usiku ndinawayala pabedi, anthu zana ndi makumi atatu.
Nélida pa njinga. Nélida pakhomo la fakitale ya nyama,
tsitsi m'kansalu, atakolekana mikono ndi anzake.
Nélida wa imvi, keke patsogolo, mipando yopanda anthu.
Enawo sindikuwadziwa.
Mwina ndi magazi anga, mwina anansi,
mwina anagwera m'katonimo kuchokera m'nyumba zina zokolopedwa.
Ndawasunga onse. Amasiye sasankhidwa ngati tomato.

Pansi penipeni panali kachidutswa kopyapyala,
m'mphepete mokhota mmene sizasi inadutsa:
mwamuna wa chipewa, kamtsikana kosamwetulira,
mkono umodzi wothera m'malere.

Ndinatenga cha amayi m'kabati, n'kuzigundanitsa.
Sizinalumane bwino; pepala limafota mosiyana
likakalambira m'nyumba zosiyana.
Pakati panatsala kampata ngati ulusi woyera,
ndipo m'menemo ndi mmene ndimakhala tsopano,
ndi makutu a Fermín, ndi mafunso anga ozizira.

Ketulo ikadalibe chivundikiro.
Ikawira, nthunzi imangokwera
osafunsa aliyense njira.